Ndere si zonyansa zonse, zina mutha kuzilima pakhomo koma zina zimapha

Mlendo aliyense akafika pa dziwe langa la makumba, mawu oyamba amakhala omwewo, akuti madzi anuwa aipatu, obiriwira chonchi bwanji osawataya n'kuthiramo ena? Ine ndimangoseka, chifukwa kubiriwira komwe akunyansidwa nakoko ndi komwe ndakhala ndikukusakasaka kwa masabata awiri, ndi thumba la zitosi za nkhuku pamutu. Tinakula tikudziwa ndere ngati zinthu zoterera za pamwala zomwe zimatigwetsa pochapa kumtsinje basi, koma m'kati mwa tinthu timeneti muli chakudya cha nsomba, muli feteleza, muli utoto womwe makampani amaika m'masiwiti, komanso muli poizoni woti atha kugwetsa ng'ombe tsiku limodzi. Nde ndati ndilembe momwe ine ndimachitira ndi ndere zitatu, za m'dziwe la nsomba, azolla ndi spirulina, kuyambira yosavuta kukafika yomwe imafuna mtima wautali.

Koma tiyambe ndi zoopsazo kaye, chifukwa ndikudziwa kuti wina awerenga theka n'kuthamangira kudambo ndi chidebe.

Nyengo yotentha, Okutobala ndi Novembala uko, madamu ndi zithaphwi zomwe madzi ake sayenda zimatha kuyala zinthu pamwamba zooneka ngati wina watayiramo penti wobiriwira, nthawi zina wopita kubuluu, mphepo ikawomba zimaunjikana kumbali imodzi ndipo zimanunkha ngati udzu wovunda. Chikomekome cha mkuyu chimenecho. Zambiri mwa izo ndi za mtundu wa Microcystis, zimatulutsa poizoni wotchedwa microcystin yemwe amawononga chiwindi, ndipo zilipo zina zomwe poizoni wake amagwira mitsempha, chiweto chimangonjenjemera n'kugwa. Si nkhani yachilendo ayi, mu 1878 George Francis analemba za nkhosa, akavalo ndi agalu omwe anafa atamwa madzi a nyanja ya Alexandrina ku Australia. Mu 1996 ku Caruaru m'dziko la Brazil anthu oposa 50 odwala impso anamwalira chifukwa madzi omwe anagwiritsidwa ntchito pa makina osefa magazi anali ndi poizoniyu. Mu Ogasiti 2014 mzinda wa Toledo ku America unakhala masiku 3 anthu oposa 400,000 atauzidwa kuti asamwe madzi a pampopi. Ndipo pafupi pompa ku Botswana, njovu zoposa 300 zinafa mu 2020 kudera la Okavango, boma lawo linanena kuti chinazipha ndi poizoni wa ndere za m'zithaphwi. Njovutu, osati mbuzi.

Chomwe ambiri sadziwa n'choti kuwiritsa sikuthandiza. Cholera timamupha ndi moto koma microcystin sapsa, mukawiritsa mumangophulitsa tinderete kuti poizoni atuluke bwino. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika malire a maikulogalamu 1 pa lita imodzi ya madzi akumwa, kachinthu kosaoneka ndi maso komwe. Kuyesa kwa pakhomo kulipo kosavuta, lowetsani ndodo m'zobiriwirazo n'kuitulutsa. Ikatuluka ndi ulusi wautali ngati tsitsi lonyowa, zimenezo ndi ndere wamba zija zoterera, zilibe vuto kwenikweni, mutha kuzivuula n'kukaponya pa kompositi. Ikatuluka yopakika ngati mwaiviika mu penti, chotsani ziweto, ana ndi agalu pamenepo, ndipo musathirire masamba odya osaphika ndi madzi amenewo. Kuyesaku sikulowa m'malo mwa labu, kumangokuchenjezani msanga.

Madzi obiriwira a m'dziwe

Iyi ndi yomwe aliyense wokhala ndi dziwe ayambire, siilira ndalama. Makumba ndi chambo amasefa tindere tating'ono kwambiri m'madzi, komanso amadya tizilombo tomwe timadya tinderete, nde mukamadyetsa madeya okha pa madzi oyera mbee ngati a m'botolo, nsomba zanu zikukula ndi theka la chakudya. Chilunguni chokha ndiye chimakonda masamba, koma nachonso chikadali chaching'ono chimadalira zomwezi.

Tengani thumba la saka, ikanimo zitosi za nkhuku kapena manyowa a mbuzi kapena a nkhumba, mangani kukamwa, limizeni pakona pomwe madzi amalowera mutalimangirira pa chikhomo. Ena amamanga kakhola ka nsungwi pakonapo n'kumathiramo manyowa ndi zinyalala za kudimba, zonse n'zabwino. Tsiku lililonse mukapita kukadyetsa ligwedezeni thumbalo. Dzuwa likakhala bwino, pakatha sabata imodzi kapena awiri madzi amayamba kusintha. Muyezo wake ndi mkono wanu womwewo, ulowetseni mpaka m'chigongono. Mukamachionabe chikhatho bwinobwino, manyowa achepa, onjezani. Chikamazimiririka cha m'chigongono momwemo, apo ndiye pabwino, siyani chonchi. Chikasowa mutangolowetsa dzanja pang'ono, mwapitiriza, vuulani thumba msanga ndipo lowetsani madzi atsopano.

Kupitirizaku n'komwe kunandiphera nsomba chaka changa chachiwiri. Masana ndere zimatulutsa mpweya wabwino, koma usiku zimaupuma zokha, nde zikachuluka kwambiri, m'bandakucha mpweya umatha m'madzi, mumapeza nsomba zonse zili pamwamba kukamwa yasa yasa. Kukachita mitambo masiku angapo motsatizana ndiye zimanyanya. Choncho dziwe liyenderedwe mamawa dzuwa lisanatuluke, osati masana okha pomwe zonse zimaoneka bwino. Mukaona zimenezo siyani kudyetsa tsiku limenelo, siyani manyowa, sinthani gawo la madzi. Ndipo madzi omwe mukutulutsawo asapite kumtsinje, atsogolereni kudimba, mpiru ndi rape zimasangalala nawo kwambiri. Matope a pansi pa dziwe mukamakolola nawonso ndi manyowa a ulele, ine ndimawaika pa nthochi.

Azolla

Kunena zoona azolla payekha si ndere, ndi kachomera koyandama kokhala ndi timasamba ting'onoting'ono ndi timizu tolendewera m'madzi. Koma m'timabowo ta m'masamba ake mumakhala ndere yotchedwa Anabaena yomwe imakoka nayitrojeni wa mumpweya, monga momwe timatuza ta kumizu ya mtedza ndi nandolo timachitira. Alimi a mpunga ku Vietnam ndi ku China akhala akumuika m'minda yawo kwa zaka mazanamazana feteleza wa m'thumba asanabwere. Ku India nako, mu 1939 wasayansi P. K. De anaonetsa kuti minda ya mpunga yomwe imabereka chaka ndi chaka popanda manyowa imathandizidwa ndi ndere zomwezi zomwe zimamera zokha m'madzi a m'munda. Zimatha kusiya makilogalamu 20 mpaka 30 a nayitrojeni pa hekitala, ndipo mukawerengera, thumba la urea la makilogalamu 50 lili ndi nayitrojeni makilogalamu 23, ndiye kuti thumba limodzi laulere. Anzathu a m'masikimu a mpunga, kaya ku Limphasa kaya ku Bwanje kaya ku Wovwe, zobiriwira zoyandama pakati pa mpungazo si mdani nthawi zonse.

Kulima kwake kuli chonchi. Kumbani dzenje la mamita 2 kwa 2, lakuya masentimita 20 basi, pansi pakhale posalala ndi pofanana kuti madzi asathawire mbali imodzi, malo ake akhale a mthunzi wowalawala, pansi pa mtengo wosagwetsa masamba ambiri kapena pansi pa shedi neti. Yalani pepala la pulasitiki lolimba, m'mbali mupsinje ndi njerwa. Thirani dothi lachonde losefa makilogalamu 10 mpaka 15, kenako sungunulani ndowe za ng'ombe makilogalamu 2 ndi magalamu 30 a feteleza wa superphosphate m'malita 10 a madzi, thiranimo, onjezani madzi afike masentimita 10. Phosphate ndiye chakudya chake chenicheni, nayitrojeni amadzipezera yekha, nde urea musaikemo, mungodyetsa ndere zina zomwe zidzamutsamwitse. Mbewu theka la kilogalamu kapena kilogalamu imodzi ndi yokwanira. Zinthu zikamuyendera amachulukana kawiri pa masiku 3 mpaka 5, pakatha masabata awiri dzenje ladzaza ngati kapeti, kuyambira pamenepo mumatha kuvuula theka la kilogalamu tsiku lililonse ndi sefa ya pulasitiki. Masiku 5 alionse bwezerani kilogalamu imodzi ya ndowe ndi magalamu 20 a superphosphate.

Akayamba kufiira ndiye kuti dzuwa lamuchulukira kapena phosphate watha, nthawi yozizira amafiiranso. Musamamusiye kuti athithikane kwambiri, amavunda pansi.

Mutsukeni bwino asanapite kwa nkhuku, fungo la ndowe zimalikana. Masiku oyamba sakanizani ndi madeya mpaka zizolowere, abakha okha ndiye safunsa, amangomeza. Koma apa ndinenepo chilungamo chifukwa pa Facebook pali anthu akumalonjeza kuti mukakhala ndi azolla simudzagulanso chakudya cha nkhuku, bodza limenelo. Akauma ali ndi mapuloteni 20 mpaka 30 pa 100 alionse, zoona, koma wamuwisi ndi madzi okhaokha oposa 90 pa 100, nde kilogalamu yomwe mwavuula ija ikauma sikwana ndi magalamu 100 omwe. Ndi ndiwo, si nsima. Kwa nkhuku zachikuda, abakha, nkhumba ndi chilunguni amathandiza ndithu, ndipo mazira amatuluka ndi chikasu chowala bwino. Wotsala mukwirireni pa bedi la tomato kapena pa kompositi, amavunda msanga. Chinthu chimodzi chokha, musamutayire mumtsinje kapena m'damu. Ku South Africa mtundu wina wochokera ku America, Azolla filiculoides, unatseka madamu mpaka mu 1997 anachita kubweretsa kanankafumbwe kake koti kazimudya. Ife tikudziwa kale zomwe namasupuni wachita mu Shire.

Spirulina, yomwe imadyedwa ndi anthu

Iyi ndiye ija mumaiona m'mafamase ili m'timabotolo todula. Dzina lake lenileni ndi Arthrospira, pa maikulosikopu imaoneka ngati kasipuling'i kobiriwira, ndipo si ya azungu monga ambiri amaganizira. Amayi a mtundu wa Kanembu ku Chad akhala akuivuula m'zithaphwi za soda kufupi ndi nyanja ya Chad kuyambira kalekale, amaithira pa mchenga kuti madzi atsike, ikauma amaidula zibenthu zotchedwa dihé n'kumatendera msuzi wodyera nsima ya mapira ndi mchewere. Katswiri wa zomera wa ku Belgium, Jean Léonard, anazipeza zikugulitsidwa pamsika mumzinda womwe pano ndi N'Djamena mu 1964, mpomwe dziko linayamba kuchita nayo chidwi. Aaztec a ku Mexico nawo ankaivuula pa nyanja ya Texcoco n'kumaitcha tecuitlatl, ndipo flamingo za ku nyanja ya Bogoria ku Kenya zimakhalira yomweyi.

Chinsinsi chake chili pa soda. Imakonda madzi a pH (muyezo wa ukali wa soda kapena asidi m'madzi) 9.5 mpaka 10.5, momwe zamoyo zambiri sizingakhale, ndipo n'chifukwa chake munthu atha kuilima pakhomo n'kuidya. Ikufunanso kutentha, imakula bwino pa madigiri 30 mpaka 35, pansi pa 20 imangokhala phee osakula, kupitirira 38 imayamba kufa. Nde a ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi, Salima ndi Nkhotakota muli ndi mwayi, pomwe a ku Dedza ndi ku Mzuzu mufunika kakhumbi ka pulasitiki yoonekera, ndipo Juni ndi Julayi musayembekezere zambiri.

Mbewu ikhale yamoyo, ya madzimadzi, yochokera kwa munthu yemwe akulima kale kapena ku labu. Ufa ndi mapilitsi a m'sitolo ndi zakufa, ine ndinataya mwezi wathunthu ndikudikira kuti ufa umere m'ndowa, unangovunda. Ndipo musayese kutunga zobiriwira za kudambo n'kuzitcha spirulina, bwererani mukawerenge za njovu zija.

Madzi ake, pa malita 100 alionse, soda wophikira uja magalamu 800, mchere wa m'khitchini magalamu 500, potassium nitrate magalamu 200, Epsom salt magalamu 16, monoammonium phosphate magalamu 8, ndi iron sulphate theka la galamu. Potassium nitrate ndi phosphate uja funsani kwa ogulitsa feteleza wosungunuka wa m'ma greenhouse, ameneyo ndi woyera, osati wa chimanga wa timibulu uja, ali ndi zinyalala zambiri ndipo spirulina imayamwa zitsulo zoipa zilizonse zomwe zili m'madzi n'kukupatsirani inu. Ku malabu amagwiritsa ntchito msakanizo wa Zarrouk wa mu 1966 womwe uli ndi soda magalamu 16.8 pa lita, koma pakhomo theka lake limagwira ntchito. Kasikelo ka digito kaja ogulitsa golide ndi mankhwala amakhala nako gulani, zoyeza ndi maso pano ayi. Mapepala oyezera pH nawonso. Ayironi akasowa, viikani misomali ya dzimbiri mu viniga wothira madzi a mandimu kwa masabata awiri, n'kumadonthezamo pang'ono. Soda akadula, chidulo chomwe agogo amatchezera thelere chija chimalowa m'malo, cha phulusa loyera la nkhuni, kungoti chatsopano n'chaukali kwambiri, chiyalidwe m'beseni kwa masabata awiri mukuchitakasa kuti chimwe mpweya, mpaka pH itsike kufika cha m'ma 10. Madzi a pampopi agone tsiku limodzi kuti klorini achoke, a pamjigo akaoneka oyera ngati mkaka mutathira soda musadandaule, ndi laimu, amadikha.

Musayambe ndi thanki yaikulu. Lita imodzi ya mbewu mukaithira m'malita 400 imasungulumwa, dzuwa limaiwotcha n'kufa. Yambani m'ndowa yoyera ya pulasitiki, osati ya chitsulo, lita ya mbewu ndi lita imodzi kapena awiri a madzi a soda aja, pamthunzi wowala, ikabiriwira kwambiri onjezani madzi ena pang'ono, ikabiriwiranso onjezaninso, kuchoka m'ndowa kupita m'beseni, kuchoka m'beseni kupita m'thanki, zimatenga mwezi kapena kuposerapo, kuona maso a nkhono n'kudekha. Thanki yanga ndi ya njerwa yoyalamo pulasitiki, mamita 2 kwa 1, madzi akuya masentimita 20, ngodya zake zozungulira kuti pasakhale pobisala zinyalala, pamwamba neti yotchinga ntchentche ndi denga la pulasitiki lotchinga mvula, chifukwa mvula imasungunula soda n'kugwetsa pH.

Kutakasa ndiye ntchito yeniyeni. Spirulina imayandama, yapamwamba imapsa ndi dzuwa pomwe yapansi ikufa ndi mdima, nde maola awiri alionse masana muitakase ndi tsache la pulasitiki lomwe siligwira ntchito ina, kosachepera kanayi patsiku. Amene ali ndi kasola, kapampu ka mpweya ka mu akwariyamu kamachepetsa ntchito. Madzi omwe auluka ndi dzuwa bwezerani ndi madzi wamba, mchere ndi soda siziuluka.

Muyezo wake pangani nokha, kachivindikiro koyera kokhomera kunsonga ya rula. Kamizeni. Kakasowa pa masentimita 2 kapena 3 yakhwima, kololani. Kakamaonekabe pa masentimita 5 kapena 6 isiyeni ikule ndipo muichepetsere dzuwa. Mtundu wake umalankhulanso, wabwino ndi wobiriwira wakuda wopita kubuluu. Ikamapita kuchikasu, dzuwa lachuluka kapena nayitrojeni watha. Mukamva fungo la ammonia, ngati la m'khola la nkhuku losasesa, mwachulutsa urea yemwe timabwezera tikakolola, siyani msanga ndipo onjezani madzi atsopano a soda. pH ikakwera kupitirira 10.5 thirani soda wina, amaitsitsa komanso ndiye chakudya chake. Ikatsika pansi pa 9 alendo amalowa, madzi amasanduka obiriwira ngati udzu ndipo pa nsalu sipatsala kanthu. Kamodzi pa miyezi ingapo pezani wa labu, ngakhale wa kusekondale komwe kuli maikulosikopu, akuonereni kadontho kamodzi, muzioneka masipuling'i kapena timizere tofanana, mukaoneka timipira tounjikana tambirimbiri, musadye, tayani muyambirenso.

Kukolola kukhale kwa mamawa kusanatenthe. Mangani nsalu yothina kwambiri pa ndowa, ya mabowo a ma micron 30 mpaka 50, ija amasindikizira matisheti imachita bwino, pamwamba pake ikani sefa ya tiyi kuti igwire tizilombo ndi masamba. Tungani, thirani, madzi abwerere m'thanki, pansalu patsala phala lobiriwira. Pindani nsaluyo, finyani ndi manja oyera kapena psinjani ndi thabwa mpaka ligwirane ngati chiponde cholimba, kufinyaku n'kofunika chifukwa kumachotsa madzi a soda. Musakolole kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu patsiku. Mukatha bwezerani chakudya, pa magalamu 10 alionse a spirulina youma omwe mwachotsa, magalamu 3 a urea osungunula kaye m'madzi, theka la galamu la phosphate, ndi madontho a ayironi. Urea yake ya tsiku ndi tsiku pang'onopang'ono choncho, ya sabata yonse mukaithira kamodzi mwapha thanki.

Yaiwisi ilibe fungo, ili ngati mapeyala osathira kanthu, koma siichedwa kuwonongeka, idyedwe m'maola ochepa, mufiriji masiku awiri kapena atatu. Yoti musunge, ikani m'sirinji yaikulu yopanda singano, finyirani pa neti ngati supageti, yanikani pamthunzi podutsa mphepo kapena m'chowumitsira cha dzuwa chotchinga kuwala, iume tsiku lomwelo. Ikamathyoka kuti thyo yauma, sinjani, sungani m'botolo lotseka bwino mumdima.

Nanga za mankhwala

Apa mpomwe anthu amanamizana kwambiri. Spirulina youma ili ndi mapuloteni 60 mpaka 70 pa 100, palibe nyemba yofikapo, koma thanki ya mamita 2 kwa 1 imakupatsani magalamu 10 mpaka 15 patsiku nyengo yabwino, ndipo munthu amadya supuni yaing'ono imodzi, magalamu ngati 3. Mapuloteni a m'supuni imeneyo ndi magalamu 2, dzira limodzi lili ndi 6, nde amene akufuna zomanga thupi agule usipa kapena aphike soya. Phindu lenileni la kasupuniko ndi ayironi ndi beta-carotene yemwe thupi limamusandutsa vitamini A, zinthu zomwe phala la mgaiwa wokha lilibe. Ku Zambia anachita kafukufuku pa makanda pafupifupi 500 yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2019, ena ankadya phala la soya ndi chimanga lothira spirulina ena lopanda. Pa msinkhu ndi sikelo sanasiyane, koma odya spirulina anachita bwino pa zinthu monga kuyamba kuyenda okha. Kwa ine zimenezi zikukwanira kuti ndizithira m'phala la ana, koma mwana yemwe watupa kapena wawonda kwambiri malo ake ndi kuchipatala komwe kuli chiponde, osati pa thanki yanga.

Ithireni phala litaphulidwa kale ndipo lazizirako, musaiwiritse. Chifukwa chake ndi phycocyanin, utoto wabuluu womwe uli m'katimo, womwe umafa ndi moto. Mukafuna kuuona, sungunulani supuni ya ufa m'kapu ya madzi ozizira, igone mufiriji usiku, mamawa pamwamba pamakhala buluu ngati inki, ana amadabwa nazo kwambiri. Ku America anauloleza mu 2013 kukhala utoto wa masiwiti ndi chingamu, m'malabu amaugwiritsa ntchito ngati chizindikiro chowala, ndipo pa mbewa ndi m'timachubu waonetsa kuti umachepetsa kutupa. Pa mbewa, ndabwerezanso. Ndere zina nazo zili ndi zake, Haematococcus uja amafiiritsa madzi a mvula otsalira pamwala amatulutsa astaxanthin yemwe amaikidwa m'chakudya cha nsomba za salmon kuti mnofu ufiire, ndipo amagulitsidwanso m'makapusozi. Mu 1997 asayansi a National Cancer Institute ku America anapeza cyanovirin-N mu ndere ya Nostoc ellipsosporum, puloteni yemwe amamatirira kachilombo ka HIV kuti kasalowe m'selo, ndipo ku Nostoc wina kunachokera cryptophycin yemwe anafika poyesedwa pa odwala khansa koma anamusiya panjira. Zonsezi n'zoona, koma palibe chimodzi chomwe chili mankhwala a pa shelefu ochiza HIV kapena khansa, ndipo cyanovirin uja sali mu spirulina n'komwe. Wina akakuuzani kuti siyani ma ARV kapena mankhwala a shuga kapena a BP muzimwa ufa wobiriwira, ameneyo akufuna ndalama zanu ndipo maliro anu sadzabwerako.

Vitamini B12 yemwe amalembedwa pa mabotolo uja, wambiri ndi wofanana naye chabe, thupi la munthu silimugwiritsa ntchito. Odwala gout (matenda otupitsa mfundo za mafupa), a vuto la impso, omwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin, a matenda omwe chitetezo cha thupi chimadziukira chokha, ndi amayi oyembekezera, afunse adokotala kaye. Ena onse yambani ndi kansonga ka supuni, m'mimba muzolowere, ndipo chimbudzi chikabiriwira musathamangire kwa asing'anga, ndi utoto chabe.

Zotsalira pa sefa ndi spirulina yomwe yagwera pansi musataye, anapiye ndi ana a nsomba amaikonda, pang'ono chabe m'chakudya chawo. Koma madzi akale a m'thanki, omwe mumachotsako gawo miyezi ingapo iliyonse akayamba kuda, asayandikire kudimba, si ofanana ndi a m'dziwe la nsomba aja. Ndi mchere ndi soda wokhawokha, ine ndinathira kheni imodzi pa bedi la anyezi poganiza kuti ndi feteleza, m'masiku atatu anyezi yense anagona, ndipo pamalopo dothi linachita chikhakha choyera mpaka mvula ya chaka chotsatira. Pano ndinakumba kadzenje koyala pulasitiki kuseri kwa khola, kutali ndi chitsime, ndimathira mmenemo kuti aphwe okha ndi dzuwa.